Kodi Chikwama cha Pisitolo Chili ndi Mlandu?

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene ndalama zawo zimathera pa zikwama zachikopa zomwe asilikali ndi apolisi akale ankapisamo pisitolo m'chiuno. Ena mwa iwo mfuti yeniyeniyo alibe nayo ntchito. Chimene amasirira ndi chikopacho: kasokedwe kake, chidindo cha fakitale, chaka chimene chinadindidwa kumsana kwake. Chikwama cha mfuti ya Luger ya asilikali a Germany chikakhala ndi zizindikiro zake zonse mtengo umakwera, moti akathyali amasoka zatsopano n'kuzikalambitsa dala kuti apusitse ogula. Aliponso okonda lamba wa Sam Browne, uja wodutsa paphewa amene akuluakulu a King's African Rifles ankavala ku Zomba. Mwini dzinalo anali msilikali wa Britain amene anaduka mkono wamanzere pankhondo ku India mu 1858, ndipo anakonza lambayu kuti azitha kusolola lupanga ndi dzanja limodzi.

Anthuwa akafunsidwa amayankha kuti akusunga mbiri, ndiponso kuti chikopa sichinaphepo munthu. Yankho limeneli limamveka bwino ku London. Ku Milange m'dziko la Mozambique, m'munsi mwa phiri la Tumbine, pafupi ndi chipata cha Muloza, limafunika kuliyeza kaye.

Boma la Milange laona malamba ambiri m'chiuno mwa amuna. Linaona a asilikali achipwitikizi, onyamula mfuti za G3. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, linaona a asilikali a Frelimo, okhala ndi zida zochokera ku Soviet Union. Chaka chomwecho boma latsopano linayamba kutumiza a Mboni za Yehova masauzande ku misasa ya Carico, m'boma lomweli la Milange, anthu amene chikhulupiriro chawo chimawaletsa kulowa ndale ndi kugwira mfuti. Mu 1986 a Renamo, gulu lomwe linkamenyana ndi boma la Frelimo, analanda tauni ya Milange, ndipo boma linaitenganso mu 1988. Minda ya tiyi inasanduka tchire. Anthu anawolokera ku Mulanje ndi katundu pamutu, n'kukhala gawo la othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni amene Malawi anasunga. Kwa mayi amene anathawa usiku ndi mwana kumsana, chikwama cha pisitolo ndi chizindikiro cha munthu wolamula, chifukwa msilikali wamba ankanyamula mfuti yaikulu, pomwe pisitolo inkakhala m'chiuno mwa mkulu wake, uja woloza nyumba yoti itenthedwe.

Nanga chinthu chopanda moyo chingasenze tchimo la mwini wake? Makolo a kuno sanavutike nalo funsoli. Achewa ndi Amang'anja ankadziwa za chirope, nthenda yogwira munthu wokhetsa magazi ngati sanasambe mankhwala. Magazi, m'maganizo awo, amatsata munthu, ndipo amakakamira pa zovala ndi zida zake. Nkhondo itatha mu 1992, m'midzi yambiri ya Mozambique obwerera kutchire sankalowa m'nyumba asanayeretsedwe. Alcinda Honwana, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku Mozambique komweko, anafotokoza za mabanja amene ankatentha zovala zimene mnyamata wabwera nazo kunkhondo, kuti zakumeneko zithere pamoto. Victor Igreja anafufuza ku Gorongosa za mizimu ya magamba, ya asilikali ofera kunkhondo, imene inkagwira anthu n'kumaulula zoipa zimene zinachitika pamudzi. Mwa kaganizidwe kameneka, munthu wopachika lamba wa msilikali pabalaza n'kumamupukuta fumbi akuitana alendo amene sadzatha kuwapirikitsa.

Mwambowu ndi wanzeru, ndipo unathandiza anthu amene anaphana kuti ayambenso kutunga madzi pachitsime chimodzi. Koma moto uli ndi vuto lake: umatentha umboni. Pangano lamtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, Nyumba ya Malamulo ya Mozambique inakhululukira milandu yonse ya nkhondo. Sipanakhale bungwe lomvetsera madandaulo a ozunzidwa ngati lija la Desmond Tutu ku South Africa. Anthu anauzidwa kuti aiwale, ndipo ambiri anangotseka pakamwa. Mwana wobadwa ku Milange mu 2005 akhoza kukula akupalasa njinga ya chimanga kupita ku Muloza tsiku ndi tsiku, osaonapo chinthu chogwirika chomuuza kuti msewu womwewo agogo ake anaudutsa akuthawa.

Apa m'pamene osonkhanitsa zikwama aja ali ndi mfundo. Mbiri yosakhala ndi chinthu chogwira m'manja imafufutika msanga, ndipo andale amaipotoza mosavuta.

Baibulo nalo silinena kuti chitsulo kapena chikopa n'chochimwa. Yesu amaphunzitsa kuti kupha kumachokera mumtima mwa munthu. M'munda wa Getsemane, Petro atadula khutu la kapolo wa mkulu wa ansembe, analamulidwa kubweza lupanga m'chimake, kusonyeza kuti chimake ndi malo amene chida chimapumira. Komabe chimake chomwecho n'chimene chimasunga lupanga pafupi ndi dzanja. Chikwama cha pisitolo chinasokedwa kuti mfuti isanyowe, isagwe, ndiponso ituluke msanga ikafunika. Msoko uliwonse umene wogula amausirira unasokedwera ntchito imeneyo. Kunena kuti n'chikopa chabe n'kudzinamiza.

Munthu amene anayankha bwino funsoli ku Mozambique ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican. Mu 1995, kudzera m'bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, anayambitsa ntchito yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas, yosintha zida kukhala makasu, potsata masomphenya a mneneri Yesaya. Asilikali a United Nations anali atachoka, koma mfuti zambirimbiri zinali zikadali zokwiriridwa m'tchire ndi kutsindwi. Wobweretsa mfuti sankafunsidwa dzina kapena mbali imene anamenyera. Ankalandira khasu, njinga, makina osokera, malata kapena simenti. Bishopuyo ankachenjeza anthu kuti kugona ndi mfuti m'chipinda n'chimodzimodzi kugona ndi njoka, tsiku lina idzakutembenukira. Zida zoposa 600,000 zinatoleredwa mwa njira imeneyi.

Chochititsa chidwi n'chimene chinkatsatira. Mfutizo sankaziponya m'nyanja kapena kuziika m'kabati yagalasi zili zamphumphu. Ankazidula kuti zisadzalirenso, ndipo zina mwa zidutswazo ankapatsa amisiri a ku Núcleo de Arte mumzinda wa Maputo. Mu 2001 Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, anawotcherera mfuti za G3 ndi AK-47 n'kupanga mpando wachifumu, umene British Museum inagula mu 2002. Patapita zaka zochepa, iye pamodzi ndi Hilário Nhatugueja, Fiel dos Santos ndi Adelino Serafim Maté anapanga Mtengo wa Moyo, wautali kuposa mamita atatu, wa zitsulo za mfuti zokhazokha. Woyang'ana mpandowo amazindikira msanga kuti ichi chinali chogwirira, uwu unali mpope. Umboni ulipo, koma mphamvu yopha yachotsedwa, ndipo ulemu umene chida chimapatsa mwini wake wathyoledwa poyera.

Kusiyana kwa Sengulane ndi wosonkhanitsa zikwama kuli pamenepo. Wosonkhanitsa amafuna chinthucho chikhale monga chinalili tsiku limene mkulu wa asilikali anachivala. Chikang'ambika kapena kusinthidwa, mtengo umagwa. Zimene amalemba pakapepala kake ndi fakitale, chaka ndi gulu la asilikali. Anthu amene anaima kutsogolo kwa pisitoloyo salembedwapo. Kusunga kotereku si tchimo lofanana ndi kupha, ndipo ambiri mwa anthuwa ndi ofatsa, okonda luso la manja. Koma mbiri imene akusunga ndi ya mbali imodzi, ya wovala lamba.

Pali chodandaulitsa ngakhale pa ntchito ya bishopuyo: mpando ndi mtengo uja zili ku London, kutali ndi anthu amene mfutizo zinawasowetsa tulo. Komanso kutolera zida sikunatseke nkhondo kotheratu. Kuyambira 2013 kuwomberana kunabukanso m'chigawo chapakati cha Mozambique, ndipo mu 2016 anthu masauzande ochokera ku Tete anali atadzazana pa Kapise m'boma la Mwanza. Pangano lina linasainidwa mu Ogasiti 2019. Mbendera ya Mozambique mpaka lero ili ndi AK-47 yopingasana ndi khasu pamwamba pa buku.

Milange sakusowa msika wa zinthu zakale zankhondo. Chimene chingathandize ndi chipinda chimodzi, pasukulu kapena patchalitchi, mmene lamba wa msilikali, chikwama cha pisitolo chopanda kanthu ndi khadi lolandirira ufa kumsasa wa othawa nkhondo zingaikidwe patebulo limodzi, pambali pake patalembedwa mawu a anthu a ku Carico, a m'minda ya tiyi ndi a m'midzi imene inapsa. Amene amakhulupirira kuti magazi amakakamira pa zinthu angayambe ayeretsa zinthuzo mwa mwambo wawo, abusa ndi mashehe n'kupemphera. Ntchitoyi ikufunika changu, chifukwa mtsikana amene anawoloka malire ali ndi zaka 20 mu 1986 tsopano ndi gogo wa zaka pafupifupi 60, ndipo anzake ambiri amene akanatha kuloza kuti lamba uyu ankavala ndi asilikali a mbali iti anaikidwa kale m'manda.