Kodi Wobwerera Panjira ndi Wamantha?

Makolo athu anatisiyira miyambi yambiri yolimbikitsa khama. Amati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, amatinso walira mvula walira matope. Mwana wamwamuna amakula akuuzidwa kuti chimene wayamba achimalize, ndipo munthu wosiyira ntchito panjira timamunena pamaliro ndi paukwati pomwe. Koma makolo omwewo ananenanso kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tsono munthu akafika pamalo poti kutsogolo kukuda, kumbuyo kuli maso a anthu, amvere mwambi uti? Funso limeneli landisowetsa tulo kwa zaka zingapo, ndipo ndinakumana nalo m'kandege ka mipando inayi.

Ndinakulira ku Lunzu, kumene ndege zokatera ku Chileka zinkadutsa pamwamba pa munda wa mayi anga. Ana anzanga ankazikuwiza n'kuziiwala, koma ine ndinkaima ndi khasu m'manja mpaka phokoso litazilala. Moyo unanditengera kwina. Ndinalowa ntchito m'boma, ndinakwatira, ana anabadwa. M'chaka cha 2022, ndili ndi zaka 43, ndinatenga ngongole ku bungwe lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama n'kukalembetsa maphunziro oyendetsa ndege zing'onozing'ono. Mayi a kunyumba anavomera monyinyirika, atandiuza mawu amene sindidzawaiwala: "Abambo, ulukani mmene mungathere, koma tsiku limene mudzagwire fizi ya ana, ndegeyo idzakuphikireni nsima." Ndinalonjeza.

Ndege yake inali Cessna 172, ya injini imodzi, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1956 ndipo waphunzitsa anthu ambirimbiri padziko lapansi. Malamulo amene mayiko anagwirizana amati wofuna chiphaso choyamba auluke maola osachepera 40, ndipo ambiri amapyola pamenepo. Ola limodzi linkadya gawo lalikulu la malipiro anga a pamwezi, choncho mphindi iliyonse m'mwamba ndinkaiwerenga ngati mmene mayi amawerengera machesi kumapeto a mwezi. Mphunzitsi wanga anali mnyamata wa msinkhu wa mphwanga. Iye ankanditchula kuti achikulire, ine ndinkamutchula kuti aphunzitsi, ndipo chitseko chikatsekedwa ubwana wanga wa ku ofesi unkatsala pansi pamodzi ndi galimoto.

Kunyamuka sikovuta. Ukakankha mafuta ndi kuwongola bwino, ndege imadzuka yokha pakuti inapangidwira zomwezo. Ntchito ili pa kutera. Umayenera kufika pamsewu wa ndege ndi liwiro loyenera, uli pakatikati, mphepo utaiwerengera, kenaka n'kukweza mphuno pang'ono kuti matayala akumbuyo ayambe kugunda pansi. Masabata oyamba ndege yanga inkadumpha ngati chule. Apa ndi pamene ndinaphunzira mawu awiri a Chingerezi amene ndinadana nawo kwambiri, akuti go around. Tanthauzo lake n'lakuti ukaona kuti kateredwe kasokonekera, usakakamize. Bwezera mafuta onse, kwera, zungulira, ukayambirenso.

Ine ndinkakana mumtima. Kuzungulira kamodzi kunali mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo mphindizo zinali ndalama. Komanso pansi pankakhala anthu oonerera, amakanika ndi ophunzira achichepere, ndipo ndinkaona ngati onse akuti taonani mdala uja walepheranso. Tsiku lina ndinakakamiza kutera ndili ndi liwiro lopyola muyezo. Ndege inagunda, inadumpha, inagundanso, mpaka aphunzitsi anailanda m'manja mwanga. Titakwera anati mwakachetechete, "Achikulire, msewuwu suthawa ayi. Mukazungulira muupeza pompaja."

Zinthu zinayamba kuyenda. Nditakwanitsa maola 17 aphunzitsi anatsika n'kundiuza kuti ndizungulire ndekha. Ndege yopanda munthu wachiwiri imapepuka, imakwera msanga ngati nayonso yakondwa. Ndinafuula ndekha m'mwambamo, munthu wa imvi, ndipo ndikuthokoza kuti wailesi sinatenge mawu anga.

Tsiku limene linabala nkhani ino linafika mu July 2023. Unali ulendo wanga woyamba wautali ndili ndekha, wochoka ku Blantyre kupita ku Mangochi motsatira mtsinje wa Shire. Wophunzira ngati ine amaloledwa kuuluka pokhapokha pamene akuona dziko ndi maso. Chifukwa chake chili m'khutu. M'kati mwa khutu muli timadzi timene timauza ubongo ngati tapendekeka kapena tili chilili, ndipo timadziti timadalira maso kuti awongolere zimene tanena. Ukalowa m'mitambo n'kutaya mzere umene thambo limakumanirana ndi dziko, thupi limayamba kunama. Umamva ngati uli wowongoka pamene ndege ikuzungulira chotsika. Mu 1954, ofufuza a pa yunivesite ya Illinois ku America anayesa anthu 20 odziwa kuyendetsa ndege koma osaphunzitsidwa kuuluka podalira zipangizo zokha. Atawaphimbira kunja, onse analephera kuilamulira ndege, ndipo pa avereji zinatenga masekondi 178 okha. Ndi bodza lomweli la thupi limene linapha John F. Kennedy Jr., mkazi wake ndi mlamu wake pa 16 July 1999, pamene ndege yake yaing'ono inagwera m'nyanja usiku pafupi ndi Martha's Vineyard.

Tisanatsanzikane m'mawa umenewo, ine ndi aphunzitsi tinapangana kuti mitambo ikandikakamiza kutsika kufika mafiti 1,500 kuchokera pansi, ndibwerere popanda kuganiza kawiri. Ndinavomera mosavuta chifukwa kumwamba kunali koyera. Koma aliyense wa kummwera amadziwa khalidwe la chiperoni. Nditayandikira phiri la Zomba, mitambo inali itatsetsereka m'phirimo n'kuyala denga lotuwa pamwamba pa chigwa. Ndinatsika kuti ndidutse kunsi kwake. Singano inaloza 1,500. Ndinati pang'ono pokha, kutsogoloku kukuoneka ngati kukuyera. Inaloza 1,200. Ndinakumbukira alamu anga amene anali atapita kale ndi ana awo kukandichingamira ku Mangochi, mafoni ali m'manja. Ndinakumbukira ndalama za ulendowo, zimene zikanapita pachabe. Ndinapitirira. Ndinafika poona bwinobwino mitundu ya zitenje za amayi pamjigo. Kenaka mvula yowaza inayamba kulemba pagalasi, ndipo Shire, amene ndinkamutsatira ngati mwana wogwira chovala cha mayi ake, anayamba kuzimiririka.

Ndinatembenuka. Kutembenuka koyenera, kosathamanga, kumatenga mphindi imodzi yathunthu kuti mphuno iloze kumene wachokera, ndipo mphindi imeneyo inali yaitali kuposa zaka zanga zonse za m'boma. Nditatera ndinayembekezera kuti aphunzitsi andigwire chanza. Iwo anangofunsa kuti, "Munatembenuka muli pa mafiti angati?" Ndinati 900. "Nanga tinapangana angati, achikulire?" Sindinayankhe.

Funso lawo ndi limene linanditsegula maso pa kusiyana kwa nzeru ndi mantha. Tsiku limenelo chimene chinanditembenuza chinali mantha, ndipo anabwera mochedwa, mwamwayi asanachedwetsetse. Nzeru inali itayankhula kale m'mawa ndili pansi, mtima uli m'malo, manyazi ndi ndalama zisanayambe kundinong'oneza. Nkhanga zinapangana kusanapse. Munthu amene ali pakati pa moto ndi woweruza woipa pa mlandu wake womwe, pakuti chilichonse chimene akufuna amachipezera chifukwa. Ine ndinaona kuyera kumene kunalibe chifukwa ndinkafuna kukuona. Choncho ndimaganiza kuti wobwerera pamalire amene anadziikira kale sitingamutchule wamantha. Iye akusunga pangano limene anachita ndi munthu wanzeru kuposa iye, amene ndi iye mwini asanatenthedwe mutu.

Koma ndisanamize awerengi kuti kubwerera n'kwabwino nthawi zonse. Aphunzitsi omwewo anandiphunzitsa kuti injini ikazima ndege itangonyamuka, isanakwere mokwanira, usayerekeze kutembenuka kuti ubwerere pamsewu. Mtima umafuna kubwerera kumene kuli kozolowereka, koma potembenuka ndege imataya msinkhu ndi liwiro, mapiko amaleka kunyamula, ndipo ambiri afa motero. Chofunika ndi kutsitsa mphuno n'kutera kutsogolo, kaya ndi m'munda mwa chimanga cha eni ake. Pamenepa wobwerera ndiye wogonjera mantha. Ndipo chisankho chimenechinso chimanenedwa mokweza ndege isanayambe kuthamanga.

Zimenezi ndimazilingalira kwambiri ndikakhala ku ofesi. Pa 27 March 1977, pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri zikuluzikulu za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana pamsewu wa ndege m'chifunga, ndipo anthu 583 anafa. M'ndege ya KLM, injiniya anafunsa ngati ndege inayo inali itachokadi pamsewu. Kaputeni, munthu wolemekezeka kwambiri pa kampaniyo, anayankha motsimikiza kuti inde, n'kupitiriza kuthamanga. Ngozi imeneyi ndi imodzi mwa zimene zinachititsa kuti makampani a ndege ayambe kuphunzitsa aang'ono kuyankhula mosaopa ndi aakulu kumvetsera. Ife m'maofesi mwathu maphunziro amenewa sanatifike. Ndakhalapo m'misonkhano imene aliyense akuona kuti ntchito yalowa m'chifunga, koma poti bwana anaikhazikitsa ndi ng'oma ndi magule, komanso ndalama zambiri zapita kale, tonse timati inde bwana n'kumwa tiyi. Inenso ndanenapo inde ameneyo kangapo. Ulemu kwa akuluakulu ndi chuma chathu, ndipo sindikufuna kuti uthe, koma ulemu umene umaletsa munthu kunena kuti bwana, tibwerere, ndi ule wa mbewa ija.

Mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mafuta a ndege ndi zitsulo zake zimachokera kunja, choncho mtengo wa ola unakwera osayang'ana nkhope. Ndinali ndi maola 34 m'buku langa. Ndinakhala pansi usiku wina mu January ndi pepala ndi cholembera, ndinawerengera uku ndi uku, ndipo njira iliyonse inkathera pa envelopu ya fizi. Mawu aja anabweranso, omwe aja a pamwamba pa Shire: pang'ono pokha, mwatsala pafupi, teremu imodzi mudzabweza, anthu adzati chiyani. Ulendo uno ndinawazindikira. Ndinaimbira aphunzitsi n'kuwauza kuti ndaima.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa ndili ngwazi yosunga pangano. Koma nditaika foni pansi ndinamva chinthu china chimene ndinachita nacho manyazi: mtima unapepuka. Chichokereni tsiku la chiperoni, ndinkafika pabwalo la ndege m'mimba mukutentha. Kodi ndinasiya chifukwa cha ana, kapena fizi inangondipatsa khomo laulemu lothawirapo? Apa ndi pamene ganizo langa lija limatsimphina. Malire oikiratu amateteza munthu ku manyazi, koma munthu wochenjera akhozanso kubisala kumbuyo kwa malire ake.

Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu 9 anamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Dr Saulos Chilima. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza za ngoziyi anapeza kuti ndegeyo inalowa m'mitambo ikuuluka m'munsi ndipo inagunda mtunda. Si ine woti ndiweruze anthu amene ankadziwa ntchito kundiposa kutalitali. Ndinangolira pamodzi ndi dziko, ndipo usiku galasi lija lowazidwa mvula linkandibwerera m'maso. M'masiku a maliro amenewo anzanga a ku ofesi ankandigwira paphewa n'kumati, "Achimwene, munachita bwino kuzisiya zandegezi." Ndinkavomera ndi mutu, koma mawuwo ankandibaya, pakuti ankandiyamikira chifukwa cha chinthu chomwecho chimene ndinkadzikayikira nacho.

Buku langa la maola lili m'kabati, pansi pa masatifiketi a ana. Mwana wathu woyamba analemba mayeso a Fomu 4 fizi yake isanachedwepo ngakhale teremu imodzi. Mwezi wathawu mayi ake analipeza bukulo akufuna zikalata zina. Analitsegula, anayang'ana mzere womaliza, ndipo anandifunsa kuti kwatsala maola angati. Ndinati asanu ndi limodzi pa lamulo, koma poti ndakhalitsa pansi, mwina khumi ndi asanu kapena kuposa. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati wachiwiriyu amaliza sukulu zaka ziwiri zikubwerazi. Bukulo sanalibwezere pansi pa masatifiketi. Analisiya patebulo, ndipo lidakali pomwepo.