Mwini tsoka ndani? Madzi osefukira a m'chigwa cha Shire ndi mlandu wa mayiko olemera

Funso loti kodi tsoka limangogwa lokha kapena limakhala ndi mwini wake ndi lakale m'zipembedzo zonse, koma m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje lasanduka funso la chaka ndi chaka, popeza madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anabwera mondondozana kotero kuti mabanja ambiri anaumba njerwa kangapo pomanga nyumba yomweyomweyo. Yankho lake silithera m'kachisi, chifukwa ndilo limagamula ngati thumba la chimanga limene wothawa madzi amalandira pamsasa wa pasukulu lili mphatso yofuna kuombera m'manja, kapena kachigawo ka dipo limene wolakwa amapereka mlandu ukamugomera.

Amang'anja akale sankakhulupirira kuti chilala kapena chigumula n'chopanda chifukwa. Chipembedzo cha Mbona, chimene kachisi wake ali m'nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje ndipo wansembe wa Chikatolika Matthew Schoffeleers anachifufuza kwa zaka zambiri, chimasimba za munthu woitana mvula amene anaphedwa wosalakwa, ndipo dziko silinapeze mtendere kufikira atamumangira kachisi ndi kumupepesa ndi nsembe. Chofunika m'chiphunzitso chimenechi n'chakuti mvula ikavuta, chala sichinkaloza mlimi wamba amene mapira ake afota, koma chinkaloza mafumu ndi eni mphamvu, amene ankayenera kufunsa chimene alakwitsa. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1950, pamene boma la atsamunda linkakakamiza anthu kulima mizere pa lamulo la malimidwe, otsutsa lamulolo m'chigwachi ankatsamira pa dzina la Mbona.

Maulaliki ena a masiku ano amatembenuza chalacho, nanena kuti madzi akokolola mudzi chifukwa cha machimo a eni mudziwo, ngakhale kuti buku la Yobu lonse linalembedwa potsutsa maganizo otere, ndiponso Yesu, pa nkhani ya nsanja ya Siloamu imene inapha anthu 18, anakana kuti ofawo anali ochimwa kuposa anzawo. Anthu ophunzira nawo anazolowera kunena kuti namondwe ndi ngozi yachilengedwe, yopanda wolakwa. Koma sayansi yomweyo yabweza nkhaniyi pafupi ndi pamene Amang'anja anaisiya, pakuti akatswiri a gulu la World Weather Attribution, amene ntchito yawo ndi kuyeza gawo la anthu pa ngozi za nyengo, anapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula ya anamondwe a kumayambiriro kwa 2022, kuphatikizapo Ana, amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mpweya umene umatenthetsa dzikowo umachokera makamaka ku malasha ndi mafuta amene mayiko olemera akhala akuwotcha kwa zaka zoposa 150, ndipo pa avareji Mmalawi amatulutsa pafupifupi matani 0.1 a mpweyawu pachaka, pamene wa ku America amapitirira matani 10.

Sikuti madzi saopsa olemera. Mu Julayi 2021 chigumula chinapha anthu oposa 180 ku Germany, makamaka m'chigwa cha mtsinje wa Ahr, ndipo boma la kumeneko linakhazikitsa thumba la mayuro 30 biliyoni lomangiranso. Malawi, atataya anthu oposa 1,000 pa Freddy, anawerengera kuti kukonzanso zoonongeka kudzafuna madola oposa 600 miliyoni, ndipo m'chaka chomwecho, mu Novembala, ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti pamene boma linkafuna ngongole ku IMF. Mvula ingagwe yofanana, koma kwina boma limamanganso ndi chuma chake, kwina limakongola, ndipo wobweza ngongoleyo ndi yemwe uja anagona mumtengo usiku wa chigumula, pogula feteleza, mchere ndi sopo pamtengo wokwera.

Otsutsa ganizo la mlandu ali ndi mfundo yosayenera kuipeputsa. Amati amene anayamba kuwotcha malasha ku Manchester sankadziwa zotsatira zake, kuti mwana wobadwa lero ku Ulaya sanasankhe mbiri ya makolo ake, ndiponso kuti mayiko olemerawo ali ndi amphawi awoawo, okalamba ochuluka ofuna penshoni ndi achinyamata osowa nyumba. Zonsezi n'zoona, koma zimasokoneza kuipa mtima ndi udindo, zinthu zimene bwalo la nyakwawa aliyense ku Ngabu limazisiyanitsa bwino: ng'ombe zikalowa m'munda wa thonje wa mnzake, mwini khola amalipira ngakhale kuti anali mtulo pamene zinkathyola mpanda, ndipo wolowa chuma cha malemu sangatenge ng'ombe n'kukana milandu imene ng'ombezo zinapalamula. Papa Francisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anaphunzitsa mofananamo kuti mayiko a kumpoto ali ndi ngongole ya zachilengedwe kwa mayiko a kummwera. Chigwachinso sichinakhalepo kunja kwa chuma cha dziko lonse kuti wina anene kuti n'chachilendo kwa olemera: thonje lake linkapita ku mafakitale a ku Britain m'nthawi ya atsamunda, ndipo minda ya nzimbe ya ku Nchalo, imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960, lero ili m'manja mwa Illovo, kampani imene likulu la eni ake, Associated British Foods, lili ku London.

Komabe lamulo lomwelo la mwini khola limagwiranso Amalawi, ndipo apa ndi pamene okamba za chilungamo cha nyengo amakonda kudutsa mothamanga. Matope amene akwirira mitsinje ya Mwanza, Ruo ndi Thangadzi amatsika kuchokera m'mapiri amene anametedwa ndi owotcha makala, ndipo makalawo amaphikira nsima m'makhitchini a mu Blantyre, mwa anthu omwewo amene amafunsa pawailesi kuti bwanji a ku Makhanga sasamukira kumtunda. Funsolo limaiwala kuti madzi akaphwa amasiya nthaka yachonde ya m'madimba, mmene mbatata, chimanga ndi nyemba zimakula m'chilimwe popanda feteleza, pamene kumtunda kumene amauzidwa kupitako n'kouma ndipo malo ake ali kale ndi eni. Chaka cha njala amayi a ku Nsanje amalowa m'madambo kukazula nyika, timizu towawa ta maluwa a m'madzi, akudziwa kuti m'menemo muli ng'ona, ndipo munthu wotere sakhala m'chigwa chifukwa cha liuma. Atsogoleri nawo ali ndi gawo lawo, pakuti doko la Nsanje, limene Bingu wa Mutharika anatsegula mu Okutobala 2010, silinagwirepo ntchito, pamene madera ambiri a m'mbali mwa mitsinje akadali opanda zitchinga zolimba.

Pabwalo la mayiko mlanduwu unayamba kumveka, koma wolakwa sanavomere. Lonjezo la ku Copenhagen la mu 2009, loti pofika 2020 mayiko osauka azilandira madola 100 biliyoni pachaka, linakwaniritsidwa mochedwa, ndipo gawo lalikulu linabwera ngati ngongole. Thumba lothandiza pa zotayika ndi zoonongeka linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, ndipo ku Dubai mu 2023 malonjezo ake anafika pafupifupi madola 700 miliyoni, ndalama zoti dziko lonse lapansi ligawane koma zongokwanira Malawi yekha pa namondwe mmodzi. Boma la Scotland linatsogola popereka ndalama za mtundu umenewu, zina mwa izo n'kufika m'manja mwa mabanja a ku Nsanje pambuyo pa Freddy. Ngakhale zili choncho, chigamulo chimene chinatsagana ndi pangano la ku Paris la mu 2015 chinalembedwa mosabisa kuti nkhani ya zotayika ndi zoonongeka siipereka maziko oti dziko lililonse liimbidwe mlandu kapena lilipitsidwe chipukuta misozi.