Misozi ya Sing'anga

Ife a ku Msundwe, amene timanyamula odwala athu kunka nawo ku Namitete, tisinkhesinkhe za Dr. Robert Laws, amene anafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, nachiritsa makamu a anthu ku Bandawe ndi ku Khondowe, koma amene, pamodzi ndi mkazi wake Margaret, anataya makanda awo motsatizana, natsala ndi mwana mmodzi yekha, Amelia. Kodi Mulungu anamfulatira mtumiki wake? Iai ndithu, pakuti nzeru ya mankhwala munthu amangobwerekedwa, mwini moyo ndiye Chauta, ndipo sing'anga amene analirapo maliro m'nyumba mwake ndiye agwira wodwala ndi dzanja lachifundo, podziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.