Makoma a ku Lateran ndi makoma athu



Pa 9 Novembala chaka chilichonse Mpingo wonse umachita chaka cha kudalitsidwa kwa tchalitchi cha Lateran ku Roma. Ena amadabwa nazo. Masiku ena timakumbukira anthu oyera amene anakhetsa magazi chifukwa cha chikhulupiriro, nanga bwanji lero tikumbukire makoma, makoma akenso akutali amene ambiri a ife kuno ku Kasungu sitidzawaona ndi maso?

Ambiri timayesa kuti tchalitchi cha Apapa ndi cha Petulo Woyera, chija timachiona pa kanema. Koma mpando wa Apapa ngati Episkopi wa Roma uli ku Lateran, n'chifukwa chake tchalitchichi chimatchedwa mayi wa matchalitchi onse. Kwa zaka pafupifupi 300 akhristu analibe nyumba yotere. Ankasonkhana m'nyumba za akhristu anzawo, nthawi zina mobisala. Mfumu Constantine itapereka ufulu wachipembedzo mu 313, malo a Lateran anakhala m'manja mwa Episkopi wa Roma, ndipo Papa Sylvester anadalitsa tchalitchicho mu 324.

Tsono amisiri a nthawiyo anali ndi zitsanzo ziwiri pamaso pawo. Panali akachisi a milungu ya Aroma, okongola zedi, koma m'kati mwake munali chipinda cha fano basi. Anthu wamba ankaima panja, ndipo nsembe inkaperekedwa pa guwa la pabwalo. Panalinso nyumba yotchedwa basilika, holo yaitali yokhala ndi mizere ya nsanamira, momwe anthu ankazengeramo milandu ndi kukambiranamo za malonda. Kumapeto kwake khoma linkapindika ngati theka la nkhokwe, ndipo pamenepo m'pamene pankakhala woweruza. Akhristu anasiya kachisi wokongola uja n'kutenga holo ya anthu wamba. Pamene pankakhala woweruza anaikapo mpando wa Episkopi, kutsogolo kwake guwa la nsembe, ndipo malo onse otsalawo anawasiyira inu ndi ine. Iwo sankafuna nyumba yosungiramo Mulungu ngati katundu. Ankafuna denga lokwanira onse obatizidwa, kapolo ndi mbuye wake pamodzi. Kamangidwe kameneka ndi kamene mukukaona m'mawa uno mukakweza maso: khomo kumbuyo, njira pakati, guwa kutsogolo.

Makoma a Lateran amene alipo lero si onse a mu 324. Chivomezi chinawagwetsa, moto unawatentha kawiri m'zaka za m'ma 1300, ndipo nkhope yakutsogolo imene alendo amajambula inatha kumangidwa mu 1735. Ku Cologne, m'dziko la Germany, nkhani yake ndi yothetsa nzeru koposa. Anaika mwala woyamba mu 1248, ntchito n'kuima pakati. Makina a matabwa okwezera miyala anakhala pamwamba pa nsanja yosathayo zaka pafupifupi 400, ana n'kumabadwa, kukalamba ndi kumwalira akuwaona pomwepo. Tchalitchicho chinatha mu 1880. Koma chigawo cha kuguwa chinali chitadalitsidwa kale mu 1322, ndipo Misa inkachitika m'menemo ntchito yomanga isanathe.

Kwathu kuno nakonso sikusowa zoterezi. Abale athu a CCAP ali ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mbusa David Clement Scott, amene ankatsogolera ntchitoyo, sanaphunzire zomangamanga, ndipo njerwa zake zinaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo ndi anthu akuderalo. Pa chilumba cha Likoma abale athu a Anglican anayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha Petulo Woyera mu 1903, chooneka ngati mtanda, pamalo otchedwa Chipyela pamene kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mabuku amatchula azungu amene anatsogolera. Amayi amene anasenza madzi ndi anyamata amene anaponda dothi, mayina awo awadziwa ndi Mulungu yekha.

Ndikunena izi chifukwa cha matchalitchi athu a kumidzi. Tonse tawaona: makoma anafika pa zenera, kenaka mtengo wa fodya unagwa kumsika, ntchito n'kuima, udzu n'kumera m'kati. Ife a m'tauni timafulumira kunena kuti anthu akumeneko ndi aulesi kapena kuti komiti inadya ndalama. Kumene ndalama zinadyedwa, zinenedwe poyera ndipo zibwezedwe. Koma khoma loima pa zenera palokha si chamanyazi. Ngati pansi pa mtengo pambali pake anthu akusonkhanabe Lamulungu lililonse, mphunzitsi akuwerenga Mawu, ana akubatizidwa, ndiye kuti ali ngati akhristu a ku Cologne aja. Chofunika n'chakuti thumba la simenti lochokera kwa ife amalipiro a pamwezi liwafikire mvula isanagwetse zimene anamanga kale.

Chamanyazi chenicheni chili pena. Mu Mthenga Wabwino wa chakachi (Yohane 2:13-22) Ambuye akwiya popeza bwalo la Nyumba ya Mulungu lasanduka msika. Ndipo Paulo Woyera akumbutsa akhristu a ku Korinto kuti nyumba imene Mulungu akumanga ndi iwo eni ake (1 Akorinto 3). Tchalitchi chikhoza kukhala ndi matailosi ndi zokuzira mawu, koma n'kubwerera ku kachisi wa Aroma uja, wokongola m'kati anthu ali panja.

Nyengo ino nazale za fodya zabiriwira, ndipo m'maesiteti otizungulira mwafika mabanja a matenanti, ambiri ochokera kutali. Pakati pawo pali Akatolika amene makalata awo a ubatizo anatsala kwawo, ndipo akuopa kubwera chifukwa cha zovala kapena mtulo wa zaka zingapo. Enanso ndi antchito a m'nyumba zathu zomwe, amene timawasiya akuphika ife tikubwera kuno. Mukakumana m'miphakati sabata ino, atchuleni mayina anthu amenewa, ndipo mugwirizane amene apite kukawatenga Lamulungu likudzali.