Cholembera ndi Chikwangwani

Kunja kukadali mbuu, tiyeni tilingalire limodzi pang'ono madzi a tiyi asanawire.

Ku America kuli makoleji a zaka ziwiri otchedwa community college. Fizi yake ndi yotsika, ndipo ambiri ophunzira kumeneko amagwiranso ntchito, ena akulera ana. Akakhoza bwino amasamukira ku yunivesite kukamaliza digiri.

Mtolankhani Jim Lehrer anadzera njira imeneyi. Anayambira pa Victoria College ku Texas, n'kukamaliza za utolankhani pa University of Missouri mu 1956. Pambuyo pake anatsogolera mitsutso 12 ya pa zisankho za pulezidenti. Bamboyu anasiya ngakhale kuvota, poopa kuti mtima ungapendekere mbali imodzi.

Ku Oakland nkhani inali ina. Huey Newton ndi Bobby Seale anakumana pa koleji yotere, yomwe lero ndi Merritt College. Mu 1966 anayambitsa gulu la Black Panther Party, ndipo chaka chotsatira anatulutsa nyuzipepala yawo. Nkhani yoyamba inali ya Denzil Dowell, mnyamata wakuda amene anawomberedwa ndi wapolisi. Iwo sanabise mbali imene anaima.

Ndimaganizira wophunzira amene akusamukira ku yunivesite chaka chino, wofuna kulemba nkhani komanso kumenyera anthu akwawo. Aphunzitsi adzamuuza kuti asankhe chimodzi. Ine sindingamufulumizitse. Amadziwa kale mtengo wa lendi ndi ululu wa basi yochedwa, zinthu zimene anzake ena m'kalasimo angoziwerenga m'mabuku. Chimene ndingamupemphe n'chakuti uyo akumutsutsayo azimuimbiranso foni, amve mbali yake, asanalembe.