Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka

Achinyamata amene aphunzira za makompyuta ali ndi nkhani yomwe amaikonda, ya mapulogalamu amene iwo amati open source. Akamaifotokoza amayambira kutali, ku America ndi ku Finland, poganiza kuti ife a imvi sitingaitole msanga. Komatu nzeru imeneyi si mlendo kuno ku Ntcheu. Tinaigwira ndi manja kompyuta isanafike, ndipo mpaka lero tikumwa madzi ake.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, boma ndi akatswiri a zamadzi anasankha kumtunda kwa chigwa cha Livulezi kukhala malo oyeserako njira yatsopano yokumbira zitsime ndi kuika mijigo. Mijigo yakale inali yolemera ndiponso youma mutu. Ikafa, mudzi unkatumiza uthenga kuboma n'kukhala pansi kudikira galimoto ya amisiri, chifukwa kuti ufike pamene pawonongeka unkayenera kuzula mapaipi onse ndi zida zimene mudzi unalibe. Podikirapo amayi ankabwerera kumtsinje, matenda otsekula m'mimba n'kubwereranso m'nyumba. M'zaka zimenezo ndi mmene kunabadwa mjigo wotchedwa Maldev, umene pambuyo pake anakauwongola ku Kenya n'kuupatsa dzina loti Afridev. Ndi womwewu umene mumauona pasukulu, pachipatala ndi pamsika.

Ubwino wake uli pawiri. Choyamba, anaupanga kuti anthu a m'mudzi azitha kuutsegula okha. Sipanala imodzi ndi kachitsulo kowedzera n'zokwanira. Amayi awiri kapena atatu a mukomiti amazula ndodo zake imodziimodzi, n'kusintha labala yakutha, n'kubwezeretsa zonse dzuwa lisanapendeke, mapaipi ali chikhalire pansi. Chachiwiri, mapulani a kapangidwe kake alibe mwini mmodzi. Bungwe la Rural Water Supply Network, lomwe ofesi yake ili ku Switzerland, limasunga miyezo yake, ndipo fakitale iliyonse yotsata miyezoyo ili ndi ufulu wopanga. N'chifukwa chake labala yogula m'sitolo paboma imakwanira mjigo wa ku Kasinje, wa ku Tsangano, ngakhale wa kutsidya kwa msewu ku Mozambique. Palibe amene amakufunsa chilolezo kuti umasule bawuti.

Tsono inu ana anga, open source ndi yomweyi, kungoti ili m'kompyuta. Pulogalamu iliyonse ili ndi malangizo olembedwa m'kati mwake, amene amauza makina chochita. Kampani ikhoza kuwabisa malangizowo n'kukugulitsa chilolezo chongogwiritsa ntchito. Ena amawaika poyera kuti aliyense awerenge, akonze, agawireko mnzake. Richard Stallman anayambitsa ntchito yotere mu 1983 ndi dzina loti GNU. Mu 1991 Linus Torvalds, ali mwana wasukulu ku Helsinki, anatulutsa Linux n'kuitana aliyense wofuna kuti athandize. Mutu umodzi susenza denga. Anthu zikwizikwi osadziwana anaikapo dzanja, mpaka lero Linux ndi imene ili pansi pa Android, m'foni zimene adzukulu athu amapalasa ndi chala usiku wonse.

Makolo anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Ine ndimaumva mwambiwu pawiri: chobwereka umachigwira mwamantha, komanso mwini wake akhoza kuchifuna tsiku limene iwe uli pakati pa ntchito. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse. Makompyuta ambiri amene ali m'masukulu ndi m'timaofesi tathu anabwera atagwira kale ntchito kunja, ndipo ochuluka mwa iwo sangalandire Windows 11 chifukwa zitsulo zake n'zakale. Makinawo ndi amoyo, akuyaka bwinobwino, koma mwini pulogalamu wanena kuti nthawi yawo yatha. Kwa munthu wa ku London nkhani yake ndi kugula ina. Kwa mphunzitsi wamkulu wa sekondale yoyendera ku Bilira kapena ku Senzani, imeneyo ndi kompyuta yokhayo yolembera mayeso. Makina omwewo akhoza kuvekedwa mapulogalamu otseguka monga Ubuntu kapena Linux Mint, n'kuikamo LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera ndalama, osalipira chilolezo, osabanso. Pakuti tisanamizane, mapulogalamu ambiri amene amaikidwa m'makompyuta pamisika yathu ndi okopera mwakuba, ndipo amabwera ndi mavairasi amene amadya ntchito ya munthu ya chaka chonse.

Koma ndikanena izi, musaganize kuti ndikuyimbira ng'oma chilichonse chotseguka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali mapulogalamu otseguka amene anawapanga akatswiri poganizira akatswiri anzawo. Pulinta ikakana, amakuuza kuti utsegule kawindo kakuda ulembemo mawu a Chingerezi amene ngakhale mphunzitsi wa Chingerezi sawamva. Munthu amene wangofuna kusindikiza kalata ya maliro sangayime pamenepo. Chimene chinapambanitsa Afridev si mapulani otseguka okha ayi. N'chakuti anaupanga akuganizira dzanja la mayi wa m'mudzi ndi sipanala yake imodzi. Ufulu wotsegula chinthu umakhala ndi phindu ngati chinthucho chinapangidwa kuti munthu wamba akachitsegula achimve.

Anthu amene anaimva bwino mfundo imeneyi m'dziko muno ndi a Baobab Health Trust. Ntchito yawo inayamba ndi Gerry Douglas pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe cha m'ma 2001. Anaona kuti namwino kapena kalaliki amene ali ndi mzere wa odwala mpaka kunja alibe nthawi yophunzira kiyibodi ndi mbewa ya kompyuta. Ndiye anachotsa zonsezo n'kusiya sikirini yogwira ndi chala. Funso limodzi pa sikirini, mabatani akuluakulu, ukayankha ndiye pabwere lina. Pamapeto kamakina kamatulutsa kapepala komata m'buku la kuchipatala, kuti wodwala akabweranso asafunsidwe dzina ndi mudzi kachiwiri. Anaganiziranso za magetsi athu othimathima, n'kusankha makina osadya moto wambiri oyendera mabatire. Pansi pake panali Linux ndi mapulogalamu ena otseguka, ndipo amene ankalemba ndi kukonza anali ana a Amalawi. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, izi n'zoona, koma mlendo wabwino ndi amene amakusiyira kalumoko ndi mwala wonolera. Njira imeneyi inafalikira m'zipatala zambiri zopereka mankhwala otalikitsa moyo.

Palinso DHIS2, pulogalamu yotseguka imene imasamalidwa ndi University of Oslo ku Norway. Unduna wa Zaumoyo unayamba kuigwiritsa ntchito m'dziko lonse cha m'ma 2012. Malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera m'zipatala zing'onozing'ono, onena za ana obayidwa katemera, amayi ochira ndi odwala malungo, amakathera m'menemo. Popeza ndi yotseguka, akatswiri athu a ku Zomba ndi ku Lilongwe amatha kuisintha kuti igwirizane ndi mafomu athu, osayamba apempha kwa mwini malonda. Zimenezi sizioneka kwa wodwala ali pabenchi, koma ndi zimene zimathandiza kudziwa kumene mankhwala akufunika.

Nkhawa yanga yaikulu ili pa foni. Achinyamata amakangana za maonekedwe a kompyuta ya patebulo, uyu akuti yabwino ndi iyi, uyo akuti ndi iyo, pamene kompyuta ya anthu ambiri kuno ndi kafoni ka mabatani komangidwa ndi labala. Airtel Money inafika mu 2012, Mpamba wa TNM n'kutsatira mu 2013, ndipo zasintha moyo. Mwana ali ku Johannesburg kapena ku Blantyre amatumiza ndalama ya feteleza, n'kufika tsiku lomwelo. Wogulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu sayendanso ndi mpukutu wa ndalama m'chitenje. Izi n'zoyamika ndithu. Koma imani pafupi ndi kanyumba ka ejenti tsiku la msika muone. Gogo amapereka foni yake kwa mnyamata, n'kutchula nambala yachinsinsi mokweza, anthu akumva. Si kupusa. Zilembo n'zazing'ono, maso anatopa, mndandanda wa zosankha ndi wautali, ndipo ukachedwa pang'ono kuwerenga zonse zimazimiririka, uyambirenso. Munthu wamkulu sakonda kuoneka wosadziwa pamaso pa ana. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, inde, koma amene anakumba una wopapatiza chotere nayenso ali ndi mlandu. Ndipo m'mpata womwewo ndi mmene amalowera akuba a pafoni, aja amatumiza uthenga wabodza kuti ndalama yalowa molakwika, muibweze.

Tinaonanso zimene zinachitika ndondomeko yatsopano ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo itayamba mu 2020. Makuponi anatha, m'malo mwake kunabwera chiphaso cha unzika ndi foni yochiwerenga. Cholinga chinali chabwino, kutseka njira za akatangale. Koma nyuzipepala ndi mawayilesi anadzaza ndi madandaulo a alimi m'maboma ambiri amene ankagona pamalo ogulitsira feteleza chifukwa netiweki yagwa. Mvula siidikira netiweki. Wopanga pulogalamu ali mu ofesi ya mumzinda, momwe intaneti siduka, saganiza za mapiri a ku Tsangano. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mlimi, namwino, mlangizi wa zaumoyo ndi mphunzitsi ndi amene akumva kupweteka, choncho ndi amene ayenera kukhala pafupi pamene chinthu chikupangidwa, osati kungoitanidwa tsiku lochikhazikitsa kuti adzaombe m'manja.

Za chilankhulo ndinganene mwachidule. Bungwe la onebillion linapanga pulogalamu yophunzitsa ana kuwerenga ndi masamu m'Chichewa pa matabuleti, ndipo linayamba kuiyesa m'masukulu a m'dziko muno. Mu 2019 inali imodzi mwa ziwiri zimene zinapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE, umene lamulo lake linali loti opikisana ofika mu ndime yomaliza aike ntchito yawo poyera. Mwana wa Sitandade 1 amaigwira osaphunzitsidwa, chifukwa imamulankhula m'chilankhulo cha amayi ake. Ngati zinatheka kwa mwana, n'chifukwa chiyani gogo wake azivutika ndi Chingerezi kuti atape ndalama yake yomwe? Pulogalamu yotseguka imalola aliyense kuimasulira. Ntchito imeneyo ikudikira inu amene munapita kusukulu, ndipo palibe wa ku Oslo kapena ku Helsinki amene adzakuchitireni.

Tsopano mbali yowawa. Walira mvula walira matope. Yendani m'midzi muwerenge mijigo ya Afridev imene yaima, chogwirira chili lende, udzu utamera pa simenti. Mapulani ake ndi otseguka monga kale, labala ikupezeka m'sitolo, koma komiti inabalalika, thumba la ndalama linauma, amene anaphunzitsidwa kukonza anakwatiwa kwina kapena anamwalira osasiyira wina luso. Chinthu chaulere kugula si chaulere kusamala. Mapulogalamu nawonso ali chimodzimodzi. Ntchito zambiri za makompyuta m'zipatala zathu zakhala zikuyendera ndalama za abwenzi akunja, makamaka boma la America. Pamene boma limenelo linaimitsa thandizo lake lakunja mu January 2025, tinaona poyera kuti ngakhale pulogalamu itakhala yathu, malipiro a woisamala anali m'thumba la wina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kutseguka kwa pulogalamu kumatipatsa mwayi woti mwini ndalama akachoka tisayambirenso pachiyambi, koma mwayiwo umafuna anthu athu olipidwa ndi ife, ndi ndalama yoikidwa m'bajeti chaka ndi chaka.

A zamadzi anapeza njira imene ine ndikufuna a makompyuta aitengere. Pamwamba pa komiti ya m'mudzi anaikapo mmisiri wa m'dera, munthu wa njinga yake amene amayendera mijigo ya midzi ingapo, kulipidwa pang'ono ndi makomiti, n'kukonza zimene zawakanika. Tili nawo kale anyamata ndi atsikana okonza mafoni pa Kampepuza, pa Manjawira ndi paboma, amene anadziphunzitsa okha kumasula ndi kuwotcherera. Amenewa ataphunzitsidwa kuika Linux, kulumikiza pulinta ndi kusunga bwino zolembedwa za sukulu, kompyuta ya ku Sharpevale siyingadikirenso munthu wochokera ku Lilongwe. Ndipo pophunzitsapo musaiwale atsikana. Pa mijigo tinaona kuti amayi ndiwo amasamala kwambiri, chifukwa madzi akasowa ndi iwo amene amayenda mtunda.

Kwa a khonsolo, mafumu athu ndi akuluakulu a masukulu ndi zipatala, pempho langa ndi loti wina akabwera ndi makina kapena pulogalamu ya mphatso, mulandireni mwaulemu monga mwa chikhalidwe chathu, koma musachite manyazi kufunsa. Safunsa anadya phula. Mufunseni ngati chinthucho chimagwira ntchito netiweki ikagwa ndi magetsi akathima. Mufunseni ngati chimalankhula Chichewa, ndipo musangokhulupirira yankho lake: itanani mayi wachikulire wa m'mudzi momwemo achiyese inu mukuona, mwini wakeyo manja ali kumbuyo. Mufunseni amene adzasunge maina a odwala kapena a ana athu, ndiponso ngati tingathe kuwatenga tsiku limene tasiyana naye. Kenako akuuzeni dzina la munthu wokhala m'boma lino la Ntcheu amene adzachitsegule chikafa, ndi kumene malipiro ake adzachokere projekiti ikatha.