CIZINDIKIRO CA PA MKONO

Werengani Levitiko 13:1-8.

M'cilamulo ca Mose muli mutu umene ambiri a ife timaulumpha powerenga, ndiwo wonena za banga la pakhungu. Mwisrayeli akaona cotupa pathupi pace, sanaloledwa kudziweruza yekha, ngakhale anansi ace sanaloledwa kumweruza. Anamuka naye kwa wansembe, amene anadziwa kupenya zotere. Ndipo wansembeyo akakayika sanafulumira ai. Anambindikiritsa masiku 7, nampenyanso, ndipo pena anaonjeza masiku 7 ena. M'menemo muli nzeru ziwiri, ndizo kulindira nthawi yace, ndi kumvera iye wodziwa kuwerenga cizindikiro. Nzeru zomwezo zifunika lero kwa yense woyesedwa pakhungu cifukwa ca nthenda ya cifuwa cacikuru, imene aicha TB.

Nthendayi ibwera ndi kacirombo kosaoneka ndi maso, kamene kayenda mumpweya pamene wodwala atsokomola. Dotolo Robert Koch wa ku Berlin ndiye anakaonetsa poyera m'caka ca 1882. M'caka ca 1890 anakonza madzi ocokera ku tizirombo timeneti, ochedwa tuberculin, nayembekeza kuti adzaciritsa odwala, koma sanaciritse. Komatu cimene cinalephera kukhala mankhwala cinasanduka mboni. Clemens von Pirquet wa ku Vienna anayamba kuyesa nao anthu pakhungu mu 1907, ndipo mu 1908 Charles Mantoux wa ku France anaonetsa njira ya singano imene acita nayo kufikira lero.

Macitidwe ace ndi awa. Namwino abaya kadontho ka madziwo, limodzi la magawo 10 a mililita, m'kati mwa khungu la mkono, kunsi kwa cigongono. Pamenepo paturuka kathuza konga polumidwa ndi udzudzu, ndipo kaphwa msanga. M'madzimo mulibe kacirombo kamoyo, motero sangakupatseni nthenda. Koma ngati thupi lanu linakomana nako kale, alonda a m'mwazi akumbukira mdani wao, nasonkhana pobayidwapo, ndipo malowo atupa nauma. Kusonkhana kwao kutenga masiku 2 kapena 3. Cifukwa cace akuuzani kuti mubwerenso pakati pa maora 48 ndi 72. Wocedwa ataya ulendo wace woyamba pacabe, pakuti kawiri kawiri ayenera kuyesedwanso. Polindira musakande, musamange nsaru, musapake kanthu. Kusamba kokha sikuletsedwa.

Pa tsiku lowerenga namwino sasamala kufiira kwa khungu. Akhudza ndi cala kufuna pouma, nayesa kukula kwace mopingasa mkono, nalemba mamilimita. Kwa anthu ambiri kuuma kwa mamilimita 10 kapena koposa ndiko cizindikiro. Koma kwa munthu wa HIV, ndi kwa mwana woondetsa cifukwa ca kusowa zakudya, mamilimita 5 akwanira, popeza alonda a m'thupi mwao ali ofoka, sakhoza kusonkhana ambiri. Muona tsono kuti cotupa cimodzimodzi cinena mau osiyana pa anthu awiri, ndipo mnansi wosuzumira mkono wa mnzace sangadziwe kanthu.

Kodi cotupaco citanthauzanji? Cinena cinthu cimodzi cokha, kuti thupi linakomana ndi kacirombo nthawi yina. Sicinena kuti mwadwala. Bungwe la World Health Organization liwerenga kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 4 pa dziko lonse analowedwapo ndi kacirombo aka, ndipo mwa anthu 100 otere amene adzadwala m'moyo wao ali ngati 5 kufikira 10. Mwa otsalawo kagona cigonere, monga mbeu m'nthaka youma. Munthu wotere sapatsira mnzace nthenda. Adye nanu mbale imodzi, akhale nanu pa mpando umodzi m'kacisi. Ndiponso katemera wa BCG, amene anayamba mu 1921, ndipo ana athu amlandira akangobadwa, akhoza kutupitsa mkono wa mwana amene sanakomane ndi nthendayi konse. Motero dotolo satsiriza mlandu ndi mboni imodzi. Afunsa ngati mutsokomola, ngati muturuka thukuta usiku, ngati thupi litentha kapena kuonda. Ajambula m'cifuwa, nayesa makhololo. Akapeza kuti kacirombo kagona, angakupatseni mankhwala oletsa kuti kasadzuke, monga isoniazid wa miyezi 6, makamaka ana aang'ono ndi anthu a HIV. Akapeza kuti nthenda yadzuka, alipo mankhwala ociritsa, amene mwa nthawi zambiri amwedwa miyezi 6 kosadukiza.

Nanga mkono ukapanda kutupa? Kondwerani, koma mosamala, pakuti mboni iyi nthawi zina ikhala cete. Thupi litenga masabata 2 kufikira 8 lisanadziwe mdani watsopano, ndipo woyesedwa msanga aoneka ngati alibe kanthu. Khanda la masiku ocepa, mwana wodwala cikuku, munthu wa HIV, ngakhale wodwalitsa cifuwa cacikuru comweco, onsewa mikono yao ikhoza kukhala yosalala. Inu amai, ngati m'nyumba mwanu muli wotsokomola, ndipo mwana wanu aonda nafoka, musanene kuti, Anamuyesa, sanapeze kanthu. Bwererani naye ku cipatala. Ndipo yense wotsokomola masabata 2 apite akayesedwe makhololo, angakhale mkono wace unanena ciani.

Pali macimo awiri amene atilalira pa nkhani iyi. Loyamba ndilo kuweruza mbale. Ena poona mkono wotupa ayamba manong'onong'o, nati, Uyu analakwa mwambo, kapena, Amlodza. Potero munthu acita manyazi, nabisa cifuwa cace, ndipo nthenda yobisika ndiyo imene ilowa ana. Kupuma mpweya si kucimwa, ndipo kacirombo sikasankha wolungama kapena wosalungama. Laciwiri ndilo ulesi wobvala cobvala ca cikhulupiriro, wakuti, Mulungu adzandisunga, sindibwereranso kwa namwino. Koma Iye amene anaika wansembe apenye khungu la Aisrayeli ndiye apatsanso madotolo nzeru zao, ndipo wonyoza mphatso anyoza Mwini wace.

Cifukwa cace, akulu a mpingo ndi amai a cigwirizano, thandizani pa nchito iyi. Wobayidwa Lolemba mumkumbutse kuti abwerere Lacitatu kapena Lacinai. Wosowa womperekeza mumperekeze. Wolandira mankhwala mumcezere kufikira mwezi wotsiriza, kuti angaleke panjira poona kuti thupi lapepuka. Ambuye atipatse mtima wodikira, wosaopa ndi wosaweruza, nasunge nyumba zathu ndi ana athu. Amen.